Kukalambira M'dziko la Eni: Phunziro la Matchona kwa Achinyamata a ku Kandeu

Munthu woyenda m'midzi yozungulira Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, sachedwa kuona kuti nyumba zambiri zamalata zili ndi mbiri ya ulendo. Zina zakale, zimene malata ake anachita kale dzimbiri, zinamangidwa ndi ndalama za Wenela ndi Theba. Zina zatsopano, za njerwa zootcha ndi mazenera agalasi, zikumangidwa ndi ndalama zimene anyamata ndi atsikana akutumiza kuchokera ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Mwana amene walemba mayeso a Fomu 4 naona kuti ntchito palibe, akayang'ana nyumba zimenezi amayamba kuganiza za pasipoti ndi tikiti ya basi. Palibe angamdzudzule, pakuti njira imeneyi anaiyenda agogo ake, ndipo inadyetsa mabanja ambiri.

Pa tsiku lotsazikana abale amafunsa zambiri: kumene mwanayo akafikire, amene akamchingamire, mtundu wa ntchito imene akaipeze, ndi mwezi umene adzayambe kutumiza kangachepe. Funso limodzi lokha ndilo silifunsidwa, kapena chifukwa limamveka ngati malodza pamaso pa munthu wa zaka 20: kodi mphamvu zikadzatha, munthuyu adzakalambira kuti, ndipo adzadya chiyani? Chikhalirecho funso limeneli ndilo lalikulu kuposa onse. Chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni si chilolezo chokalambiramo. Maiko amalandira mlendo kaamba ka manja ake, ndipo manjawo akayamba kunjenjemera, malamulo amene anakhala chete kwa zaka 30 amadzuka. Mbiri ya matchona ikuchitira umboni zimenezi, ndipo ndi mbiri yoyenera kuti aphunzitsi aidziwe ndi kuifotokozera ana asananyamuke.

Mudzi ndiwo unali penshoni

Maulendo a kummwera anayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1890, Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba umene unkafuna ndalama, pamene m'midzi ndalamazo munalibe. Popeza boma la Ntcheu lili m'malire ndi Mozambique, amuna a m'derali ankadutsa m'dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi cha ku Tete ndi kuyenda pansi masabata angapo mpaka kukafika m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ena kupitirira mpaka ku Joni. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipiritsa, bungwe la Mthandizi lolemba antchito a ku Rhodesia, ndiponso Wenela yolemba antchito a m'migodi ya golide ya ku South Africa. Mu 1935 komiti imene Bwanamkubwa wa Nyasaland anaisankha, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndi kuti zikwizikwi mwa iwo anali atasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama kwao. Amenewa ndiwo ankatchedwa matchona.

Mgwirizano wa Wenela unakonzedwa mochenjera. Munthu ankalembedwa kwa miyezi yowerengeka, kawirikawiri osapitirira zaka ziwiri. Ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, mkazi ndi ana atatsala kumudzi. Gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire kwao, ndipo nthawi ikakwana ankabwezedwa. Eni migodi anali atayankhiratu funso la ukalamba: mgodi unkatenga munthu pa msinkhu wa mphamvu, koma akakalamba, akalumala kapena akayamba kutsokomola, mudzi ndiwo unkamsamala. Munda wa mkazi wake ndi nkhokwe ya alongo ake ndizo zinali penshoni yake.

Khomo la kumigodi linatsekedwa kawiri, ndipo kawiri konseko antchito sanafunsidwe maganizo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yopita ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi 74. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. H. Kamuzu Banda, analetsa kulemba anthu, ndipo Amalawi oposa 100,000 amene anali m'migodi anabwerera kwao m'zaka ziwiri zotsatira. Kulemba kunayambanso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, limene anthu amalitchula kuti Theba. Koma pakati pa 1988 ndi 1992 antchito pafupifupi 13,000 anabwezedwa pa mkangano wa kuyeza magazi kaamba ka kachilombo koyambitsa Edzi. Amenewa anabwerera akali ndi mphamvu, minda yao isanagawidwe ndipo abale akuwakumbukirabe. Phunziro lowawa kwambiri lili kwa amene sanabwerere.

Amene anatsalira ku Zimbabwe

Ku Southern Rhodesia munthu ankatha kukhala ndi banja lake pafamu kapena pamgodi, motero Amalawi ambiri anakwatira komweko nabereka ana ndi adzukulu. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, malire sankadetsa nkhawa munthu aliyense. Anamanga matchalitchi ndi mizikiti, anakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro, navina gule wamkulu m'makomponi a ku Shamva, Bindura ndi Kadoma, ndiponso m'malokeshoni a Mbare ndi Highfield mu mzinda wa Harare. Ena mwa ana ao anatchuka, monga woimba Alick Macheso. Kwa anthu amenewa nkhani ya ukalamba inkaoneka ngati yotha kale: adzapumira pamene anagwirira ntchito. Koma zinthu zitatu zimene ankadalira zinagwa motsatizana.

Choyamba chinali nyumba. Nyumba ya pafamu kapena ya pamgodi inali ya bwana, ndipo munthu ankaikhala chifukwa cha ntchito. Mgodi wa Kamativi utatsekedwa mu 1994 ndi wa Mhangura mu 2000, anthu a m'makomponimo anatsala opanda malipiro. Mu 2000 momwemo kunayamba kulanda mafamu a azungu, ndipo antchito zikwizikwi, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anataya ntchito ndi pogona pa nthawi imodzi. Mu 2005 Boma la Zimbabwe linagwetsa nyumba zosavomerezeka m'mizinda pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, ndipo nthumwi ya bungwe la United Nations, Mai Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera chakudya. Anthu anauzidwa kuti abwerere kumidzi kwao. Mbadwa za dzikolo zinali nako kopita, koma mtchona analibe mudzi m'dzikomo, ndipo mudzi wake wa ku Malawi anauona komaliza akali mnyamata.

Chachiwiri chinali unzika. Dziko la Zimbabwe linali litaletsa kale unzika wa maiko awiri m'zaka za m'ma 1980, koma mu 2001 lamulolo linakhwimitsidwa: yense amene anali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi 6, kufikira mu Januwale 2002, kuti akaukane motsata malamulo a dziko linalo. Akuluakulu a kaundula analitanthauzira kuti likukhudza ngakhale munthu wobadwira mu Zimbabwe momwemo, malinga kholo lake linali lochokera kunja. Nkhalamba ya pafamu yosadziwa kuwerenga inayenera kupita ku Harare, ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kukakana unzika umene sinaulembetsepo. Ambiri sanamve nkomwe za lamuloli, ndipo anatulukira pa tsiku la chisankho kuti maina ao achotsedwa ndi kuti zitupa zao zikuwatchula alendo. Malamulo akulu a dzikolo a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lao linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, koma kuti munthu apindule nalo ayenera kuonetsa kalata ya kubadwa kapena zitupa za makolo, zimene mabanja ambiri a m'mafamu sanakhale nazo. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linafalitsa lipoti losonyeza kuti adzukulu a matchona ambiri anali akali opanda dziko lowavomereza.

Chachitatu chinali ndalama. Amene anali ndi penshoni ya kampani ankadziyesa odala, osadziwa kuti madzi anali asanapite. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika mu Julayi 2008 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, ndipo mu 2009 dola ya Zimbabwe inasiyidwa. Ndalama zimene munthu anadulidwa mwezi ndi mwezi kwa zaka 30 zinasanduka zosakwanira thumba la ufa. Madandaulo anachuluka kotero kuti mu 2015 Boma linasankha komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza milandu wopuma George Smith, koma ambiri mwa okalambawo anamwalira akudikira.

Anthu amenewa sanali aulesi kapena osaweruzika. Analowa m'dzikomo movomerezeka, anakhoma misonkho, namanga chuma chake ndi thukuta lao. Cholakwa chao chinali chimodzi: anayesa kuti kukhalitsa pamalo ndiko kukhala mwini malo. Pamaso pa lamulo, zaka zimene sizinalembedwe papepala zili ngati sizinakhaleko.

Malamulo a ku South Africa

Achinyamata a ku Kandeu a masiku ano sapita kwambiri ku Zimbabwe. Amangodutsako, kulowera pa Nyamapanda ndi kutulukira pa Beitbridge, ulendo wa ku South Africa. Nkofunika tsono kudziwa zimene lamulo la kumeneko likunena za munthu wofuna kupumirako.

Mmalawi wolowa m'dzikomo monga mlendo wodzacheza amapatsidwa masiku 30, ndipo chilolezo chimenechi sichimlola kugwira ntchito. Malamulo amene anakhazikitsidwa mu 2014 anaika chilango kwa wopitiriza masiku ake: wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza koposa apo amaletsedwa zaka 5. Wogwidwa alibe mapepala amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Lamulo la olowa m'dziko la mu 2002 lili nacho chilolezo cha anthu opuma pa ntchito, cha zaka zosaposa 4 chimene chimatha kuonjezedwa, koma malamulo a mu 2014 aja anafuna kuti wopemphayo asonyeze kuti amalandira ndalama zosachepera R37,000 pa mwezi. Chilolezo chimenechi anakonzera anthu olemera ochokera kutali, ofuna kudzaotha dzuwa la ku Cape Town ndi penshoni zao, osati munthu amene wakhala zaka 25 akusamala maluwa pakhomo pa bwana kapena kulondera pa chipata.

Njira yeniyeni ya munthu wamba ndiyo chilolezo chokhazikika m'dziko, chimene munthu angachipemphe atagwira ntchito zaka 5 ndi chilolezo chovomerezeka cha ntchito, kapena atakhala zaka 5 m'banja ndi nzika ya dzikolo. Kufunika kwake kumaoneka pa ukalamba. Ndalama za mwezi ndi mwezi zimene Boma la South Africa limapereka kwa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi za nzika, za okhazikika mwa lamulo ndi za othawa kwao ovomerezeka. Ngakhale okhazikikawo anachita kuzilimbanira, mpaka khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo linagamula mokomera iwo mu 2004 pa mlandu wa Khosa. Munthu wopanda mapepala, ngakhale atakhala zaka 40, salandira kanthu. Zoona, mu 1996 Boma la kumeneko linapereka mwai kwa anthu a m'maiko a SADC amene anali atakhala m'dzikomo kuyambira Julayi 1991 asanafike kuti akhazikike, ndipo Amalawi ena anapindula. Koma mwai wotere suchitika chaka ndi chaka, ndipo munthu wanzeru sangamange ukalamba wake pa chiyembekezo chakuti udzabweranso.

Palinso chizolowezi china chimene chimaluma mochedwa, chogwira ntchito ndi chitupa cha mnzake kapena dzina lobwereka. Malipiro a mweziwo amalandiradi, koma ndalama zimene bwana akudula ndi kusunga m'thumba la penshoni zikulembedwa m'dzina la munthu wina. Akale a m'migodi akulidziwa bwino vutoli. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni, umene makampani 6 a migodi ya golide analonjeza kulipira antchito amene anadwala chifuwa chachikulu kapena matenda a fumbi otchedwa silicosis, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo kwa amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019. Amalawi ambiri ali m'gulu limeneli. Koma wopempha ayenera kusonyeza kuti iye ndiye munthu wolembedwa m'mabuku a mgodi, ndipo amene anataya zikalata zao kapena analembetsa dzina lina amavutika. Mkazi wamasiye amene sadziwa ngakhale dzina la mgodi amavutika koposa.

Pamwamba pa malamulo pali chitetezo. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo mu Epulo 2015 Boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake ku Durban. Mnyamata amathawa usiku ndi kukayambanso kwina. Nkhalamba ya zaka 70, yodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, singathawe.

Ophunzira naonso asadzinyenge

Wina angaganize kuti mavuto amenewa ndi a anthu osaphunzira ndi a maiko osauka okha. Zimene zinaululika ku Britain mu 2018 zikutsutsa maganizo otere. Anthu amene anachokera ku zilumba za Caribbean pakati pa 1948 ndi 1971, otchedwa mbadwo wa Windrush, analowa m'dzikomo movomerezeka, ambiri akali ana. Atakalamba anauzidwa kuti asonyeze umboni wa chaka chilichonse chimene anakhalamo, pamene Boma lomwelo linali litaononga makadi olembedwa pa tsiku limene anafika. Ena anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa chithandizo cha chipatala, ena anatumizidwa ku maiko amene sankawakumbukira. Nduna yoona za m'dziko, Amber Rudd, inatula pansi udindo chifukwa cha nkhaniyi.

Anamwino ndi aphunzitsi a ku Malawi amene akugwira ntchito ku Britain ali nazo zao zoti awerengere. Kuti munthu alandireko penshoni ya Boma la kumeneko ayenera kukhala atasonkha zaka zosachepera 10, ndipo penshoni yathunthu imafuna zaka 35. Akasankha kudzapumira ku Malawi penshoniyo amalandirabe, koma siikwezedwa chaka ndi chaka monga ichitira kwa okhala ku Britain, popeza maiko awiriwa alibe mgwirizano wotero. Ndiponso chilolezo chokhazikika cha kumeneko chimatha mphamvu munthu akakhala kunja zaka zoposa ziwiri, monganso cha ku South Africa chingalandidwe munthu akachokako zaka zoposa zitatu. Wobwerera kumudzi namaganiza kuti akadwala adzangokwera ndege kukalandira mankhwala, angapeze khomo litatsekedwa kumbuyo kwake.

Kubwerera nako kuli ndi malamulo ake

Ambiri amadzitonthoza ndi mau akuti zikadzavuta adzapita kwao. Koma kwao nako kumafunsa mafunso.

Funso loyamba ndi la unzika. Lamulo la unzika la Malawi la mu 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Wotenga unzika wa dziko lina ankataya wa kuno, ndipo mwana wobadwa ndi unzika wa maiko awiri ankayenera kusankha akakwanitsa zaka 21. Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli mu Disembala 2018, ndipo ndondomeko yake inatuluka mu 2021. Uku ndi kupita patsogolo kwakukulu, koma unzika wotayika subwerera wokha. Munthu ayenera kupempha ndi kupereka umboni. Mdzukulu wobadwira kunja, kwa kholo lobadwiranso kunja, sayesedwa nzika chifukwa cha dzina la agogo lokha. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa m'kaundula wa dziko, chiphaso cha unzika chimafunika ku banki, polembetsa nambala ya foni ndi pogula zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Wopanda zikalata amadalira umboni wa nyakwawa ndi abale, ndipo nyakwawa singachitire umboni munthu amene m'mudzimo palibe womdziwa.

Funso lachiwiri ndi la munda. Pa kalembera wa mu 1966 dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa wa mu 2018 anali 17.5 miliyoni, ndipo boma la Ntcheu lokha linali ndi pafupifupi 660,000. Nthaka sinakule. Tsala limene munthu analisiya mu 1975 silinakhale likumdikira. Linagawidwa kwa adzukulu, ndipo ogawawo sanalakwe. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yakuti banja kapena munthu alembetse malo ake kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, ndipo wosapezekapo pa nthawi yolembetsa, popanda womuimira, dzina lake silidzaoneka papepala.

Funso lachitatu ndi la ana, ndipo ndilo lopweteka kwambiri. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu ana ndi a kuchikazi: malo amatsata mbumba, ndipo mwamuna amakhala kwa mkazi pa chikamwini kapena kumtenga pa chitengwa. Koma kwa Ashona, Andebele ndi Azulu mwana ndi wa kwa bambo. Tsono mwana wa mtchona ndi mai wa ku Zimbabwe amauzidwa kumeneko kuti kwao ndi ku Malawi, ndipo akafika ku Kandeu amauzidwa kuti kwao ndi kwa amai ake. Bamboyo akali moyo alongo ake angambwereke ndime yoti alimepo, koma akatsikira kulichete mkazi ndi ana amatsala alendo mbali zonse ziwiri.

Funso lachinayi ndi la chakudya. Lamulo la penshoni limateteza olembedwa ntchito m'dziko muno, osati amene anagwira kunja. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, zimapita ku mabanja osaukitsitsa osankhidwa, osati kwa wokalamba aliyense. Ndipo wosunga chuma chake chonse m'makwacha akumbukire kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimene zinachitikira penshoni ku Zimbabwe ndi chenjezo kwa wosunga ndalama kulikonse.

Mau otsutsa

Alipo amene anganene kuti nkhani zonsezi ndi za anthu okhuta. Mnyamata amene makolo ake akolola matumba atatu a chimanga sangakhale pansi kuwerengera za ukalamba, ndipo mapepala ovomerezeka ndi ovuta kupeza kwa munthu wopanda luso lapadera. Anganenenso kuti alipo Amalawi amene anakalambira kunja mwaulemu, m'nyumba zaozao, atazingidwa ndi adzukulu.

Zonsezi ndi zoona, ndipo palibe akunena kuti achinyamata asamayende. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma amene anakalambira kunja mwaulemu akafunsidwa, amapezeka kuti anakonza mapepala ao akali ndi mphamvu, anagula nyumba m'dzina lao, ndipo sanadule njira ya kwao. Wosauka ndiye ayenera kusamala koposa, popeza wolemera akalakwitsa amalemba loya, pamene wosauka akalakwitsa amagona pa siteshoni. Ndipo zambiri zofunika kuchita sizilira ndalama zochuluka.

Zoyenera kuchita

Wonyamuka ayambe watenga chiphaso cha unzika ndi pasipoti ya dzina lake lenileni, ndipo dzina limenelo likhale lomwelo pa chikalata chilichonse kufikira imfa. Asunge makalata a ntchito, mapepala a malipiro ndi nambala ya thumba la penshoni, ndipo zithunzi zake azitumiza kwa mbale wokhulupirika kumudzi. Mwana aliyense wobadwira kunja alembetsedwe kumene wabadwirako, ndiponso nkhani yake ikafike ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kaya ku Pretoria, ku Johannesburg kapena ku Harare. Alowe bungwe lothandizana pa maliro, pakuti kunyamula thupi kuchokera ku South Africa kwasaukitsa mabanja ambiri. Koposa zonse, asadikire imvi kuti asankhe kumene adzapumire. Ngati mapepala okhazikika sakutheka pofika zaka 40, adziwe kuti dzikolo lamuyankha kale, ndipo ayambe kumanga kwao: kulimitsa munda wake chaka ndi chaka, kuonekera pa maliro ndi pa maukwati, ndi kubweretsa ana kuti anthu awadziwe nkhope.

Eni mbumba ndi mafumu ali ndi gawo lao. Nkhani ya malo a munthu amene ali kunja, ndi ya ana ake obadwa kwa mai wachilendo, ikambidwe iye akali moyo, ankhoswe alipo, ndipo chogwirizanacho chilembedwe. Mudzi umene unalandira ndalama za malata ndi za fizi kwa zaka zambiri uli ndi ngongole kwa wotumizayo. Mafumu achenjezenso akale a m'migodi za anthu oyenda m'midzi natolera ndalama ponena kuti akuwalembetsa chipukuta misozi, pakuti kupempha ku Tshiamiso Trust nkwaulere.

Aphunzitsi, amene amaphunzitsa za Wenela m'phunziro la mbiri monga nkhani yakale ya pamayeso, aitengere pafupi. Mwana atumidwe kukafunsa agogo ake mgodi umene anagwirako, zaka zake ndi zikalata zimene zatsala. Ntchito yotere ingaphunzitse mbiri, ndipo panthawi yomweyo ingapulumutse ndalama za banja. Boma nalo, limene kumapeto kwa 2023 linayamba kulola achinyamata kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, likumbukire phunziro la Wenela: mgwirizano uliwonse wotumiza anthu kunja uzinena poyera za penshoni, za chipukuta misozi ndi za njira imene ndalamazo zidzafikire mwini wake atabwerera.

Akale anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mau amenewa ndi oona kwa munthu amene anasunga kwao, ndipo amapweteka kwa amene anafika napeza bwinja. Malata a nyumba za ku Kandeu akuonetsa zimene ulendo ungabweretse. Amene sakuoneka ndi okalamba aja otsalira m'makomponi a migodi yotsekedwa, amene amatchulabe dzina la mudzi wao wa ku Ntcheu koma alibe chikalata chowafikitsa pa Nyamapanda. Mnyamata amene akukwera basi chaka chino ali ndi zaka 40 zoti akonzere yankho la funso limene iwo sanafunsidwe, ndipo chaka choyenera kuyamba ndi chomwe chino.